Kupewa kutupa kwa kapamba pambuyo pa ERCP: ntchito ya kapaipi kotchedwa stent

Tsamba lino lalembedwera anthu amene auzidwa kuti achitidwa ERCP, amene achitidwa kale, ndiponso abale amene akuwasamalira. ERCP ndi chithandizo chimene dokotala amatsegula nacho njira ya ndulu popanda kung'amba pamimba. Chimathandiza anthu ambiri, koma chili ndi ngozi zake, ndipo imene imachitika kawirikawiri kuposa zonse ndi kutupa kwa kapamba. Pofuna kuchepetsa ngoziyi, dokotala nthawi zina amasiya kapaipi kakang'ono ka pulasitiki, kotchedwa stent, m'njira ya kapamba. Tsambali likufotokoza mmene kapaipiko kamagwirira ntchito, anthu amene amayenera kuikidwa, ndi zimene inu muyenera kuchita kakaikidwa.

Mfundo zikuluzikulu

- Kutupa kwa kapamba kumagwira anthu 3 mpaka 10 pa anthu 100 alionse ochitidwa ERCP. Ambiri amachira m'masiku ochepa.
- Kapaipi ka m'njira ya kapamba sikaikidwa kwa aliyense. Kamaikidwa kwa anthu amene ali pachiopsezo chachikulu.
- Kamachepetsa ngozi, koma sikaithetseratu.
- Ndi ka kanthawi kochepa. Nthawi zambiri kamatuluka kokha ndi chimbudzi, koma pamafunika X-ray yotsimikizira kuti katulukadi.
- Kupweteka kwambiri kwa pamimba, kusanza kapena kutentha thupi pambuyo pa ERCP ndi zifukwa zobwererera kuchipatala nthawi yomweyo.

Kodi tikunena kapamba uti?

Dzina lakuti kapamba limatchulidwa pa ziwalo ziwiri. China ndi chija chimatupa kumanzere, kunsi kwa nthiti, munthu akamadwaladwala malungo, ndipo madokotala amachitcha spleen. Tsamba lino likunena za chiwalo chinacho, chimene madokotala amachitcha pancreas.

Kapamba ameneyu ndi wotalika pafupifupi masentimita 15, ndipo anagona chopingasa kuseri kwa chifu, chakumsana. Ali ndi ntchito ziwiri. Amapanga insulini, imene imayendetsa shuga m'magazi, ndiponso amapanga madzi ogaya chakudya oposa lita imodzi tsiku lililonse. Madziwo amasungunula mafuta, nyama ndi zakudya monga nsima ndi mbatata. Mbali ya madziwo imene imagaya nyama imatuluka mu kapamba ili yogona, ndipo imadzuka ikafika m'matumbo. Umu ndi mmene kapamba amadzitetezera kuti asadzigaye yekha.

Ndulu imapangidwa m'chiwindi, imasungidwa m'kathumba ka ndulu, kenako imatsika kupita m'matumbo kudzera m'njira yake. Kwa anthu ambiri, njira ya ndulu ndi njira ya kapamba zimakumana kumapeto, n'kutulukira pakabowo kamodzi m'chigawo choyamba cha matumbo aang'ono. Kabowoko kamatchedwa papilla, ndipo kanazunguliridwa ndi kamnofu kamene kamatseka ndi kutsegula. Choncho aliyense wofuna kulowa m'njira ya ndulu amadzera pakhomo lomwe kapamba amatulutsirapo madzi ake. Ngozi imene tikunena m'tsamba lino imayambira pamenepa.

Kodi ERCP imachitika motani?

Wodwala amasala chakudya kwa maola osachepera 6, ndipo amapatsidwa mankhwala ogonetsa. Amagona chafufumimba kapena chakumanzere. Dokotala amalowetsa chubu chofewa chokhala ndi kamera kudzera pakamwa, kupyola pachifu, mpaka pa papilla. Kudzera mkati mwa chubucho amalowetsa kawaya kofewa m'njira ya ndulu, n'kuthiramo utoto wooneka pa X-ray kuti aone pamene patsekeka.

Akaona vuto, amalikonza nthawi yomweyo. Akhoza kucheka kamnofu ka pakhomo paja ndi kawaya ka magetsi kuti bowo likule, kutulutsa timiyala ta mu ndulu, kufutukula pamene njira yapanikizika, kapena kuika paipi yoti ndulu izidutsamo. ERCP imachitidwa kwa anthu amene timiyala tatseka njira ya ndulu, amene ali ndi chikasu chobwera chifukwa cha chotupa kapena khansa, amene njira ya ndulu yagwidwa ndi tizilombo, ndi amene ndulu ikuchucha pambuyo pa opaleshoni.

Chithandizochi chinayamba ku America m'chaka cha 1968 ngati njira yongojambulira. M'chaka cha 1974 madokotala a ku Germany ndi ku Japan anayamba kucheka kamnofu kaja kudzera m'chubu chomwecho, ndipo kuchokera pamenepo ERCP inasanduka njira yochizira.

N'chifukwa chiyani kapamba amatupa?

Pakhomo paja ndi pang'ono kwambiri, ndipo njira ya kapamba ndi yotakasuka mamilimita atatu okha kapena kuzungulira pamenepo. Pakakhudzidwa mobwerezabwereza, kapena pakamva kutentha kwa magetsi ochekera, pamatupa kwa maola angapo. Kutupako kumafinya njira ya kapamba. Madzi amapitiriza kupangidwa koma alibe potulukira, monga mmene ngalande ikatsekeka kumapeto madzi amabwerera n'kusefukira m'dimba. Madzi ogaya nyama aja amadzuka asanafike m'matumbo, n'kuyamba kupweteka kapamba mwiniwake. Kawaya kakasochera m'njira ya kapamba, kapena utoto ukathiridwamo wambiri, vutoli limawonjezeka.

Zimenezi zimachitika ngakhale dokotala ali waluso ndipo wachita zonse mosamala. Matupi a anthu ndi osiyana, ndipo kwa ena khomo la ndulu ndi lovuta kulipeza.

Kodi vutoli limakula motani?

M'chaka cha 1991 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr Peter Cotton linagwirizana za mmene vutoli lizidziwikira, ndipo muyezo wawo ukugwirabe ntchito m'zipatala zambiri. Pamafunika zinthu zitatu: kupweteka kwa pamimba kwatsopano kapena kowonjezeka, kukwera kwa amylase m'magazi kufika katatu kuposa muyezo wake patatha maola 24, ndi kufunika kogonekedwa m'chipatala masiku osachepera awiri. Amylase ndi amodzi mwa madzi amene kapamba amapanga. Anthu ambiri ochitidwa ERCP amylase wawo amakwera pang'ono popanda kupweteka kulikonse, ndipo kumeneko si kudwala.

Malinga ndi muyezo umenewu, kutupa kumatchedwa kochepa ngati wodwala wagona m'chipatala masiku 2 kapena 3, kwapakati ngati wagona masiku 4 mpaka 10, ndipo kwakukulu ngati wapitirira masiku 10 kapena pafunika chithandizo china chapadera. Odwala ambiri amakhala m'gulu loyamba. Ochepa amadwala kwambiri: mbali ya kapamba imafa, madzi amadzadzana m'mimba, impso kapena mapapo zimafooka, ndipo ena mwa iwo amamwalira. Ndi chifukwa chake madokotala amalimbikira kupewa vutoli lisanayambe.

Ndani ali pachiopsezo chachikulu?

Kwa anthu a m'gulu limeneli, ngozi imafika pafupifupi anthu 15 pa 100 alionse. Zifukwa zina zimadziwika ERCP isanayambe:

- kukhala mayi, makamaka wa zaka zocheperapo;
- kudwalapo kutupa kwa kapamba m'mbuyomu, makamaka pambuyo pa ERCP ina;
- kuganiziridwa kuti kamnofu ka pakhomo sikatseguka bwino, vuto lotchedwa sphincter of Oddi dysfunction;
- kukhala wopanda chikasu, njira ya ndulu ili yosafutukuka.

Zifukwa zina zimaoneka ntchito ili mkati:

- kuvuta kulowa m'njira ya ndulu, mpaka dokotala kuyesa kambirimbiri;
- kawaya kulowa m'njira ya kapamba koposa kamodzi;
- utoto kulowa m'njira ya kapamba;
- kucheka pakhomo kaye kuti njira ipezeke, kapena kucheka khomo la kapamba lenilenilo;
- kufutukula khomo ndi kabaluni popanda kulicheka;
- kuchotsa chotupa chomera pa papilla.

Zifukwazi zikakumana zingapo mwa munthu mmodzi, ngozi imakwera kwambiri. Popeza zambiri mwa izo zimadziwika wodwala ali kale m'tulo, dokotala amaganiza zoika kapaipi pa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake nkhani ya kapaipi iyenera kukambidwa musanasaine chikalata chovomereza.

Kodi kapaipiko ndi kotani, ndipo kamagwira ntchito bwanji?

Ndi kapaipi ka pulasitiki yofewa, kokhala ndi timabowo m'mbali mwake. Kukula kwake kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa French. Kamene kamagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi ka 5 French, kutanthauza mamilimita 1.7 m'mimba mwake, ndipo kutalika kwake nthawi zambiri ndi masentimita 3 mpaka 5. Sikasiyana kwenikweni ndi kamtengo ka machesi.

Dokotala amakayendetsa pamwamba pa kawaya kamene kali kale m'njira ya kapamba. Mbali imodzi imakhala mkati mwa njirayo, ina imatulukira m'matumbo. Mbali ya kumatumbo imakhala yopindika ngati mchira wa nkhumba, kapena imakhala ndi timapiko, kuti kapaipi kasathawire mkati. Mbali ya mkati nthawi zambiri imakhala yosalala, yopanda chokolera, kuti m'kupita kwa masiku kapaipi katuluke kokha.

Ntchito yake ndi imodzi: pakhomo pakatupa, madzi a kapamba amadutsabe mkati mwa kapaipiko. Kutupa kwa pakhomo kumakula m'maola oyambirira n'kuyamba kuphwa, choncho kapaipi kamafunika kukhalamo kwa maola osachepera 12 mpaka 24. Pakatha masiku ochepa ntchito yake imakhala yatha. Simukamva kali m'thupi, ndipo sikakulepheretsani kudya, kuyenda kapena kugona.

Kodi pali umboni wotani woti kamathandiza?

Kafukufuku wina wodziwika anasindikizidwa ku America m'chaka cha 1998. Anachitika pa odwala 80 amene kamnofu kawo ka pakhomo kanali kothina. Mwa amene sanaikidwe kapaipi, 26 pa 100 alionse anatupa kapamba. Mwa amene anaikidwa, anali 7 pa 100 alionse. Akafukufuku ena amene anatsatira m'mayiko osiyanasiyana anapezanso kuti kapaipi kamachepetsa ngozi, makamaka ya kutupa kwakukulu.

Kenako kunapezeka njira yotsika mtengo ndi yosavuta. M'chaka cha 2012 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa odwala 602 a pachiopsezo chachikulu. Mwa amene analandira mankhwala a indomethacin olowetsa kotulukira chimbudzi, pafupifupi 9 pa 100 alionse anatupa kapamba, pamene mwa amene sanalandire anali pafupifupi 17. Zitatero madokotala ambiri anayamba kufunsa ngati kapaipi kanali kofunikabe.

Yankho linabwera m'chaka cha 2024 m'magazini ya The Lancet. Odwala 1,950 a pachiopsezo chachikulu, m'zipatala 20 za ku America ndi Canada, anagawidwa m'magulu awiri ofanana. Gulu lina linalandira indomethacin yekha, lina indomethacin pamodzi ndi kapaipi. M'gulu loyamba anthu 145 anatupa kapamba, m'gulu lachiwiri anali 110. Pa anthu 100 alionse, ndiye kuti 15 m'gulu loyamba ndi 11 m'gulu lachiwiri. Zotsatirazi zikusonyeza kuti kwa anthu a pachiopsezo chachikulu, mankhwala pamodzi ndi kapaipi amateteza kuposa mankhwala okha. Zikusonyezanso kuti ngakhale njira zonse ziwiri zitagwiritsidwa ntchito, anthu ena amadwalabe.

N'chifukwa chiyani kapaipi sikaikidwa kwa aliyense?

Kuti kapaipi kaikidwe, kawaya kayenera kukhala m'njira ya kapamba. Ngati dokotala walowa m'njira ya ndulu mosavuta osakhudza ya kapamba, kufunafuna njirayo mwadala kungabweretse ngozi imene panalibe. Zimadziwikanso kuti kuyesa kuika kapaipi n'kulephera kumakweza chiopsezo kuposa kusayesa konse. Pa chifukwa chimenechi bungwe la akatswiri a ku Ulaya lotchedwa ESGE, m'malangizo ake a 2020, limalimbikitsa kapaipi kwa odwala osankhidwa, makamaka pamene kawaya kapena utoto zalowa kale m'njira ya kapamba. Bungwe la ku America lotchedwa ASGE linatulutsa malangizo ofanana nawo m'chaka cha 2023.

Kapaipiko kalinso ndi mavuto ake, ngakhale sachitika kawirikawiri. Kakhoza kutsekeka, kakhoza kuthawira mkati mwa njira ya kapamba n'kuvuta kuchotsa, ndipo kakakhalitsa kamasiya zipsera zimene zimapanikiza njirayo. Choncho ngati dokotala sanakuikeni kapaipi, sizitanthauza kuti wakumanani chithandizo. Mwina panalibe chifukwa chokaikira.

Musasokoneze mapaipi awiri

Pa ERCP imodzi munthu akhoza kuikidwa mapaipi awiri osiyana, ndipo onse amatchedwa stent. Odwala ambiri amasokonezeka pamenepa.

Kapaipi ka m'njira ya kapamba ndi kakang'ono, ntchito yake ndi yoteteza, ndipo kayenera kutuluka m'masiku ochepa.

Paipi ya m'njira ya ndulu ndi yokulirapo, ntchito yake ndi yochiza, ndipo inapangidwa kuti ikhalemo. Ya pulasitiki imatsekeka m'kupita kwa nthawi, choncho nthawi zambiri imachotsedwa kapena kusinthidwa pakatha miyezi itatu. Ikaiwalika imabweretsa chikasu, kutentha thupi ndi matenda oopsa a m'njira ya ndulu. Yachitsulo imakhala nthawi yaitali, ndipo kwa odwala ena a khansa imakhala mpaka kalekale.

Munthu amene wamva kuti stent imatuluka yokha, pamene iye anaikidwa ya m'njira ya ndulu, akhoza kusabwerera kuchipatala. Winanso amene wamva kuti stent imakhala miyezi itatu, pamene iye anaikidwa ya m'njira ya kapamba, akhoza kuchedwa kukajambulitsa X-ray. Musanachoke kuchipatala, pemphani kuti akulembereni mtundu wa paipi, pamene yaikidwa, ndi tsiku lodzaionanso.

Njira zina zopewera

Mankhwala olowetsa kotulukira chimbudzi. Mamiligalamu 100 a diclofenac kapena indomethacin amaperekedwa kamodzi kokha, ERCP itatsala pang'ono kuyamba. Malangizo a akatswiri amati aperekedwe kwa wodwala aliyense amene alibe chomuletsa. Sayenera anthu amene impso zawo ndi zofooka, amene ali ndi zilonda za m'mimba zotuluka magazi, amene thupi lawo limadana ndi aspirin ndi mankhwala a mtundu wake, ndi amayi amene pakati pawo pafika miyezi yomaliza. Kumwa mapiritsi a mankhwala omwewa kunyumba sikuteteza mofanana, ndipo kukhoza kuwonjezera kutaya magazi.

Madzi a mu diripi. Kwa amene sangalandire mankhwala aja, madokotala amapereka madzi ambiri a mtundu wa Ringer's lactate pa nthawi ya ERCP ndi maola 8 otsatira. Njirayi siyenera anthu a matenda a mtima kapena a impso amene thupi lawo limasunga madzi.

Kupewa ERCP yosafunika. Ngati cholinga ndi kungoona ngati m'njira ya ndulu muli mwala, pali njira zina zojambulira zosafika pakhomo la kapamba, monga sikani ya pamimba ndi MRCP, imene ndi mtundu wa MRI. Masiku ano ERCP imachitidwa makamaka pamene pali chinthu choti chikonzedwe.

Zoyenera kuuza dokotala ERCP isanachitike

- Ngati munadwalapo kutupa kwa kapamba, kapena munachitidwapo ERCP ndipo zinatha bwanji.
- Ngati muli ndi matenda a impso, a mtima, a shuga, mphumu kapena zilonda za m'mimba.
- Ngati muli ndi pakati kapena mukuganiza kuti muli napo.
- Mankhwala onse amene mukumwa: oletsa magazi kuundana monga warfarin, clopidogrel ndi aspirin, a shuga, ma ARV, a TB, ndi azitsamba omwe. Ma ARV ena amachititsa kuti mankhwala ogonetsa akhalitse m'thupi. Musasiye mankhwala alionse panokha.
- Mankhwala amene thupi lanu limadana nawo.
- Mtunda wa kwanu, ndi chipatala chimene muli nacho pafupi.

Maola oyambirira pambuyo pa ERCP

Mudzayang'aniridwa kwa maola angapo, mwinanso usiku wonse. Kumva zilonda pammero ndi kudzimbidwa ndi mpweya ndi zachizolowezi, ndipo zimatha zokha. Ngati mukumva kupweteka, dokotala akhoza kuyeza amylase kapena lipase m'magazi patatha maola 2 mpaka 6 kuti aone ngati n'koyenera kukutulutsani. Akakulolani kudya, yambani ndi madzi, kenako phala ndi zakudya zina zopepuka. Pewani zakudya za mafuta ambiri kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo musamwe mowa. Musayendetse galimoto, njinga yamoto kapena makina kwa maola 24.

Kutupa kwa kapamba nthawi zambiri kumayamba m'maola 24 oyambirira. Bwererani kuchipatala mwamsanga, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

- kupweteka kwambiri pamimba chakumtunda, kosaleka, kumene nthawi zina kumapyoza mpaka kumsana;
- kusanza kobwerezabwereza;
- mimba kutupa ndi kuuma;
- kutentha thupi kapena kunjenjemera;
- maso kuwonjezera chikasu;
- chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi;
- chizungulire, kupuma movutikira, kapena kukodza pang'ono kwambiri.

Zina mwa zizindikirozi zimasonyeza mavuto ena a ERCP, monga kutaya magazi, kubooka kwa matumbo, kapena tizilombo m'njira ya ndulu. Onsewa amafuna chithandizo chachangu. Musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwamwa mankhwala opha ululu ogula pagolosale kuti muone ngati zisintha. Mukafika, nenani poyambirira penipeni kuti mwachitidwa ERCP ndi tsiku lake.

Kodi kapaipi kamatuluka bwanji?

Kwa anthu ambiri, kuyenda kwa matumbo ndi chakudya kumakakoka pang'onopang'ono mpaka kugwera m'matumbo, ndipo kamatuluka ndi chimbudzi munthu osazindikira. Sikapweteka potuluka. Palibe chifukwa chofufuza m'chimbudzi, popeza kusakaona sikutanthauza kuti kadakali mkati.

Chotsimikizira ndi X-ray wamba ya pamimba. Akatswiri a ku Ulaya amalangiza kuti ijambulidwe pakati pa masiku 5 ndi 10 kuchokera tsiku loikidwa. Zipatala zina zimapereka milungu iwiri kapena kuposerapo. Tsatirani tsiku limene dokotala wanu walemba. X-ray ikaonetsa kuti kapaipi kadakalipo, kamachotsedwa ndi chubu cha kamera chodzera pakamwa. Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri sipafunika kulowanso m'njira ya ndulu kapena ya kapamba. Timapaipi tina timakhala ndi chokolera mkati ndipo sitituluka tokha. Ngati mwaikidwa ka mtundu umenewu, mudzapatsidwa tsiku lokachotsa.

Kumva bwino si umboni woti kapaipi katuluka. Kakhoza kukhala mkati kwa miyezi popanda chizindikiro, kwinaku kakuwononga njira ya kapamba pang'onopang'ono.

Ngati mwachokera kutali

M'mayiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa, ERCP imapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa za m'mizinda. Odwala ambiri amayenda ulendo wautali, ndipo ena amatumizidwa kunja, monga ku South Africa kapena ku India. Kwa anthu otere, masiku a ngozi yaikulu ndi masiku omwewo amene amafuna kubwerera kwawo. Konzekerani motere:

- Khalani pafupi ndi chipatala chimene chakuchitani ERCP kwa usiku umodzi kapena iwiri. Musakwere basi ya mtunda wautali kapena ndege dokotala asanavomereze.
- Mukhale ndi wachibale kapena mnzanu amene wamva nawo malangizo. Mankhwala ogonetsa amaiwalitsa zimene munthu wauzidwa atangodzuka.
- Tengani lipoti la ERCP lolembedwa, ndipo pemphani kuti mfundo zake zilembedwenso m'buku lanu la kuchipatala. Lijambuleni pafoni kuopa kutayika.
- Funsani ngati X-ray yotsimikizira ingajambulidwe pachipatala cha boma lanu, ndi amene adzaiwerenge. Kapaipiko ndi kakang'ono, ndipo wojambula amene sanauzidwe choti afufuze akhoza kusakaona. Kalata yopempha X-ray inene kuti akufufuza stent ya m'njira ya kapamba.
- Dziwiranitu kumene kadzachotsedwe ngati sikanatuluke, ndipo sungani ndalama ya ulendo umenewo.

Ngati kapamba watupabe

Wodwala amagonekedwa m'chipatala, amapatsidwa madzi a mu diripi ndi mankhwala amphamvu opha ululu, ndipo anamwino amayang'anira mkodzo, kuthamanga kwa magazi ndi kapumidwe. Amayambanso kudya ululu ndi mseru zikachepa. Mankhwala opha tizilombo saperekedwa pokhapokha ngati pali umboni wa tizilombo. Ambiri amatuluka pasanathe mlungu ndipo kapamba wawo amabwerera mwakale. Amene wadwalapo vutoli azinena nthawi iliyonse imene akukonzedwa ERCP ina, chifukwa amalowa m'gulu la pachiopsezo chachikulu.

Mafunso oti mufunse dokotala wanu

ERCP isanachitike:
- N'chifukwa chiyani ndikufunika ERCP, ndipo pali njira ina?
- Kodi ndili pachiopsezo chachikulu cha kutupa kwa kapamba?
- Kodi ndilandira mankhwala opewera? Ngati ayi, chifukwa chiyani?
- Pakafunika kapaipi ka m'njira ya kapamba, kodi kalipo pachipatala pano?

ERCP itachitika:
- Kodi mwandiika paipi? Ndi angati, ndipo ali m'njira ya ndulu kapena ya kapamba?
- Idzatuluka yokha kapena idzachotsedwa?
- X-ray ndikajambulitse liti, kuti, ndipo zotsatira ndikapereke kwa yani?
- Mankhwala amene ndinaimitsa ndiyambirenso liti?
- Ndikayamba kumva kupweteka usiku, ndipite kuti kapena ndiimbire nambala iti?

Mayankho ake alembedwe, ndipo pepalalo likhale m'buku lanu la kuchipatala mpaka tsiku limene dokotala adzatsimikize kuti kapaipi katuluka. Uthenga wa m'tsamba lino ndi wothandiza kumvetsa nkhaniyi, ndipo sukulowa m'malo mwa malangizo a dokotala amene akukuthandizani.